Mmene Alendo Anayambira Kuseŵera m'Nyanja pa Cape Maclear

Munthu wamkulu wobadwira m'mphepete mwa Nyanja ya Malaŵi saloŵa m'madzi popanda chifukwa. Akaloŵamo ndiye kuti akusamba, akuchapa, akukoka khoka, kapena akukankha bwato kuti alondole kumene kwaoneka usipa. Kusambira kongosangalala amakusiyira ana. Tsono akuluakulu a m'mudzi wa Chembe, m'dera la Mfumu Nankumba ku Mangochi, ayenera kuti anagwira pakamwa pamene anayamba kuona anthu a ndevu zawo akuyenda ulendo wautali ndi kuwononga ndalama zambiri, kuti adzangogona pamchenga ndi kuloŵa m'madzi osatulukamo ndi nsomba ngakhale imodzi. Nkhani ya lero ikulongosola mmene khalidwe limeneli linafikira pa gombe lolembedwa pa mapu kuti Cape Maclear, ndi zimene linadzetsa kwa eni ake a gombelo.

Azungu oyamba kufika pamenepa sanadzere maseŵera. David Livingstone anaiona nyanjayi m'chaka cha 1859, ndipo atabweranso ndi ngalaŵa mu 1861 anatcha malowo dzina la bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town, munthu amene sanapondepo phazi pamchenga umenewu. Mu Okutobala 1875 amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Dr Robert Laws, analoŵa m'nyanja ndi kasitima kawo kotchedwa Ilala, nakhazikitsa mishoni ya Livingstonia pa malo omweŵa atalandira chilolezo kwa Mfumu Mponda. Anakopeka ndi dooko labwino lotchingidwa ndi zilumba, koma malungo sanaŵachitire chifundo. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, nasiya manda a anzawo patsinde pa phiri, ndi munthu mmodzi wobatizidwa, Albert Namalambe, kuti ayang'anire zotsala.

Kwa zaka zambiri pambuyo pake nyanja inali msewu chabe, ndiponso msewu woopsa. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya inagubuduzika ndi namondwe kumpoto kwa nyanja, ndipo anthu 145 anatsikira kuli chete. Ilala yachiŵiri, imene inapangidwa ku Glasgow ndi kulumikizidwa pa Monkey Bay, inayamba ulendo wake mu 1951.

Chimene chinasintha mbiri ya Cape Maclear chinachokera kumwamba. Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha, kampani ya ndege ya ku Britain yotchedwa BOAC inkayendetsa ndege zotera pamadzi pakati pa Southampton ndi Johannesburg. Ndegezi, za mtundu wa Solent, zinali ndi mainjini anayi ndi mimba yonga ya ngalaŵa, ndipo iliyonse inkanyamula anthu oposa 30. Sizinkafuna bwalo ayi. Chimene zinkafuna ndi madzi odekha. Madzi otere analipo pakati pa gombe la Chembe ndi chilumba cha Thumbi, pamene mapiri amatchinga mphepo ya mwera. Hotelo inali itamangidwa kale pagombepo, ndipo mu Novembala 1949 ndege zija zinayamba kuterapo. Omvera aganizire okha: mudzi wa asodzi, kumene msewu wake unali wa miyala ndi fumbi, mwadzidzidzi unakhala poima anthu a ku London pa ulendo wawo wa ku South Africa. Boti linkaŵatenga pa khomo la ndege kunka nawo kumtunda, ndipo munthu amene anachoka kwawo m'chisanu masiku oŵerengeka apitawo ankapezeka akusambira m'madzi ofunda, oyera, opanda mchere.

Komatu mlendo ndi mame. Chaka chimodzi chokha chitapita, chakumapeto kwa 1950, BOAC inaleka kuyendetsa ndege za pamadzi, popeza ndege zotera pamtunda zinali zachangu ndi zotsika mtengo. Hotelo ija sinakhalitse. Alendo atasoŵa inatsekedwa, ndipo Chembe anabwerera ku makoka ake.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma linaona kuti nyanja ingathe kubweretsa ndalama zakunja monga fodya ndi tiyi. Mahotelo anakula pa gombe la Mangochi, monga Nkopola ndi Makokola, ndiponso pa Senga Bay ku Salima. Ambiri mwa alendo a masiku amenewo ankachokera ku South Africa ndi ku Rhodesia. Ankayendetsa timaboti ta mathanga, ena ankakokedwa ndi boti la injini ataponda timatabwa tiŵiri, ena ankaŵedza ndi mbedza nsomba zimene analibe nazo njala. Lamulo la kavalidwe la 1973, limene linaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi kufikira linachotsedwa mu 1993, silinkagwira ntchito pa malo a tchuthi a kunyanja. Motero gombe linali ngati dziko lina m'kati mwa dziko. Ku Chembe nako alendo anabwereranso, koma a mtundu wina: achinyamata a zikwama kumsana, ogona m'matenti ndi m'tinyumba ta udzu, odya nsima ndi kampango wootcha.

Chimene chinaŵabweza chinali kansomba kamene msodzi weniweni sataya nako nthaŵi. Atonga a ku Nkhata Bay amakatcha mbuna, ndipo dzinali linafalikira pa dziko lonse kupyolera m'zolemba za Geoffrey Fryer, amene anafufuza nsomba kumeneko m'zaka za m'ma 1950. Mbuna zimakhala m'miyala ya m'mbali mwa nyanja, zikudya ndere zomera pamiyalapo. Zilipo zobiriŵira ngati thambo, zachikasu, zamizeremizere ndi zamaŵangamaŵanga. Yaikazi ikaikira mazira imaŵasunga m'kamwa mpaka ataswa, ndipo pa masiku onsewo siidya kwenikweni. Chodabwitsa koposa n'chakuti mbuna siikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya. Imafera pa miyala imene inabadwira. Chifukwa cha ichi, pa zaka zikwizikwi, chilumba chilichonse chinadzakhala ndi mitundu yakeyake, kotero kuti mbuna zina za pa Thumbi sizipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Akatswiri amati nyanja ino ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere.

Kuti munthu azione safunika luso lalikulu. Amangovala galasi lophimba maso ndi mphuno, naluma kampope kopumira, n'kugona chafufumimba pamwamba pa madzi. Ofuna kutsika pansi amabereka botolo la mpweya kumsana. Ntchito yatsopano inabadwira pomwepa: anyamata a m'mudzi anasanduka operekeza alendo pa maboti kunka ku Thumbi, ku Domwe ndi ku Otter Point, naphunzira kuitana nkhwazi ndi likhweru ndi kuiponyera nsomba kuti mlendo aijambule ikutsika kudzaiwakha.

Pofuna kuteteza chuma chimenechi, mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowo m'kaundula wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse. Midzi ya asodzi, kuphatikizapo Chembe, sinasamutsidwe; inatsala m'kati, itazingidwa ndi paki. Koma lamulo linaletsa kupha nsomba m'kati mwa mamita 100 kuchokera pa gombe la paki ndi la zilumba zake, ndipo nkhuni za m'phiri, zofunika pophika ndi poŵamba nsomba, zinayamba kutoledwa ndi chilolezo. Kwa mlendo mamita 100 ameneŵa ndiwo munda wa maluŵa umene anadzera. Kwa mwini bwato laling'ono, amene sangapite kutali mwera ukakalipa, ndiwo madzi amene atate ake ankaponyamo ukonde popanda wofunsa. Ndalama za alendo zinaloŵadi m'mudzi, koma sizinagwere m'manja monse mofanana, ndipo chiŵerengero cha anthu odalira nyanja chinkakulirakulira.

Panali chinthu chinanso chimene timabuku toitanira alendo tinachedwa kuvomera. Kwa zaka zambiri tinkalengeza kuti m'Nyanja ya Malaŵi mulibe likodzo. Mu 1992 anthu aŵiri a ku America ogwira ntchito yodzipereka ya Peace Corps anadwala kwambiri, tizilombo ta likodzo titafika mu ubongo ndi m'fupa la msana, atasambira pa Cape Maclear. Madokotala a ku America atayeza magazi a anthu akunja okhala m'Malaŵi chaka chotsatira, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali atakumanapo ndi tizilomboti, makamaka amene anasambira pa gombe limeneli. Kunena zoona, uthenga umenewu unali wachilendo kwa alendo okha. Ana a sukulu a ku Chembe anali akukodza magazi kale, popanda nyuzipepala yakunja yolemba za iwo.

Tizilombo ta likodzo timachoka mwa munthu ndi mkodzo, timakulira mu nkhono za m'madzi, n'kutulukamo kudzaboola khungu la wina amene waloŵa m'madzimo. Jay Stauffer, katswiri wa nsomba wa ku Pennsylvania amene anafufuza madzi a pa Chembe kwa zaka zambiri, anasonyeza pamodzi ndi anzake kuti nkhonozi zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa m'madzi osaya, chifukwa cha makoka a maso aang'ono okokedwa pafupi ndi gombe. Mlendo akabwerera kwawo amamwa mankhwala a praziquantel kamodzi, n'kuchira. Mwana wa pa Chembe amamwa mankhwala omwewo kusukulu, koma m'maŵa mwake amai ake amamtuma kukatsuka mbale kunyanja.