Chipewa cha Chilembwe ndi kamera yanga yatsopano

Lero ndakwanitsa milungu itatu ndili ndi kamera yatsopano. Ndikuti yatsopano, koma inagwirapo kale ntchito; ndinagula kwa mnyamata wina wojambula maukwati yemwe ankafuna ndalama mwachangu. Kwa ine ndi yatsopano basi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndi DSLR yakale ya ma megapixel 12 imene ndinagula ndili ku koleji, ija yoti ukadina batani imalira kuti khwa, mpaka munthu ali tsidya la msewu kucheuka. Iyi ndi ya mtundu wa mirrorless, ma megapixel 24, yopepuka moti tsiku loyamba ndinkangopisa dzanja m'chikwama kuopa kuti ndaisiya mu minibasi.

Zimene ndinaona masiku oyambirira zinandizunguza mutu. Ukaloza munthu, kabokosi kobiriwira kamathamangira pa diso lake n'kukakamira pomwepo. Ayende, atembenuke, kabokosi kali naye. Kale focus ndinkalimbana nayo ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Madzulo, nthawi imene kamera yakale inkatulutsa zithunzi zamchengamchenga, iyi imajambula nkhope ya munthu ali pafupi ndi kandulo imodzi, khungu lakuda likuoneka mmene lilili. Usanadine n'komwe umakhala utaona kale m'kagalasi mmene chithunzi chitulukire. Ukakanikiza batani osachotsa chala, imatola zithunzi 11 pa sekondi imodzi. Chovuta ndi batire. Limatha msanga, ndipo magetsi akathima tsiku lonse kamerayo umangoivala pakhosi ngati mkanda.

Koma chimene chinandikondweretsa koposa n'chakuti ukhoza kuitseka pakamwa. Pali posankha poti isamalire ngakhale pang'ono. Ndinazungulira mumsika wa Limbe kamera ili pamimba, ndikujambula amayi a tomato ndi anyamata onyamula katundu, popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa. Mlungu usanathe ndinali ndi zithunzi zoposa 2,000, ndipo mumtima ndinali nditadzipatsa kale ukatswiri.

Loweruka lotsatira ndinapita kumudzi ku Chiradzulu. Ndinapeza agogo akupeta mphale kuseri kwa nyumba, dzuwa litapendeka, kuwala kukudutsa m'gaga amene ankauluka kuchoka m'lichero. Ndi moni womwe sindinapereke. Ndinaima pambali pa khola n'kukanikiza batani. Zithunzi 40 m'kamphindi. Chimodzi mwa izo, ndinene mosadzitama, chinaposa zonse zimene ndinajambulapo.

Nditawaonetsa anachiyandikiza kumaso, kuchiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandibwezera kamera.

"Iwe, wandijambula nthawi yanji?"

"Pomwe munkapeta paja, agogo."

"Osandiuza? Taona chitenje chake. Taona mutuwo, ndi duku lomwe palibe. Ndine nkhuku ine, yoti ungoijambula ikupalasa? Fufuta."

Ndinayesa kuwafotokozera kuti chithunzi chabwino ndi chimene mwiniwake sakudziwa, chifukwa chimaonetsa moyo weniweni. Anaseka, n'kuloza m'nyumba.

"Agogo ako aamuna ali pakhomapo aja, ukuganiza ankagona ndi jekete?"

Chithunzi chimenecho ndakula ndikuchiona. Ndi chokhacho chimene tili nacho cha agogo aamuna. Anajambulitsa mu situdiyo ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, nthawi imene ankaphikira mzungu wina monga ankachitira Amalawi ambiri opita ku Rhodesia. Avala jekete, tayi ndi chipewa, dzanja limodzi lili pa kathebulo ka maluwa. Agogo akuti jeketelo linali lobwereka. Yunifolomu yoyera ya kukhitchini imene ankavala masiku asanu ndi limodzi pa mlungu sinajambulidwe paliponse. Anali ndi tsiku limodzi loti asankhe okha mmene ana awo adzawaonere, ndipo anasankha chipewa.

Nkhani imeneyi inanditsata mpaka ku Blantyre, ndipo inandibwezera ku funso limene ndinali ndisanalifunsepo bwinobwino: kodi kamera inafika bwanji kuno, ndipo inali m'manja mwa ndani?

Inafika msanga kuposa mmene ambiri timaganizira. Njira yojambulira ya Daguerre inalengezedwa ku Paris mu 1839. Pasanathe zaka 20, mu 1858, ulendo wa David Livingstone wa mumtsinje wa Zambezi unanyamuka uli ndi zida zojambulira. Ntchito yojambula inapatsidwa kwa mng'ono wake, Charles Livingstone, koma zithunzi zimene zimakumbukiridwa kwambiri ndi za John Kirk, dokotala komanso katswiri wa zomera wa ulendowo, amene dzina lake linatsala pa mapiri a Kirk Range. Kirk ankajambula pa mapepala opakidwa phula ndi mankhwala, ndipo kuti chithunzi chigwire, kamera inkayenera kukhala chitsegukire kwa mphindi zingapo. Chilichonse chosuntha chinkasanduka utsi kapena kusowa kumene. N'chifukwa chake zithunzi zake zambiri ndi za mitengo, nyumba ndi maboti. Anthu amene ankapalasa mabwato, kusenza katundu ndi kulozera njira analipo, koma analibe mphindi zoima chilili, choncho pepala silinawasunge.

Kenako makamera anachepa msinkhu ndi mtengo. Mu 1888 George Eastman anatulutsa Kodak yoyamba, kabokosi kokhala ndi filimu ya zithunzi 100, ndipo mu 1900 kunabwera Brownie ya dola imodzi. Nthawi yake ndi yomweyo imene dziko lino linalowa pansi pa Britain mu 1891, n'kudzatchedwa Nyasaland mu 1907. Amishonale, akuluakulu a boma ndi eni minda anabwera ndi makamera m'katundu wawo, ndipo tsopano anthu anayamba kuoneka pa zithunzi. Vuto linali kaonekedwe kake. Pa zithunzi zambiri za nthawiyo, munthu amaimikidwa ngati chomera chimene Kirk akanatha kuchithyola n'kuchiika m'buku. Pansi pamalembedwa mtundu wake, kaya Myao kaya Mngoni, kapena ntchito imene akugwira. Dzina ayi. Ndikamaziona zithunzi zimenezi ndimadzifunsa ngati mayi amene wasenza mtsukoyo anapatsidwa mpata womanga duku.

Apa ndi pamene pakulowa Mungo Murray Chisuse, dzina limene kusukulu sitinauzidwe. Chisuse anali mkulu wa ntchito yosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, ija inayamba mu 1876. Anapitako ku Scotland, kumene anakanola luso lake la usindikizi, ndipo amawerengedwa pakati pa Amalawi oyambirira kugwira kamera. Wolemba mbiri John McCracken analemba za iye ndi za chiyambi cha kujambula m'dziko muno. Chimene chimandigwira mtima pa Chisuse ndi anthu amene ankaima patsogolo pa kamera yake. Ankabwera okha, atavala zimene asankha, akudziwa kuti lero n'kojambulitsa. Mmodzi mwa iwo anali John Chilembwe.

Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, anaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo atabwerako mu 1900 anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma lomwelo la Chiradzulu kumene agogo amapetera mphale. Munthuyu ankaidziwa ntchito ya chithunzi. Pa zithunzi zimene zinatsala timamuona ali mu suti, mkazi wake Ida ali mu diresi lalitali, ana a sukulu ali pamzere atavala bwino, tchalitchi cha njerwa chikukwera. Zithunzi zotere zinkapita kwa a National Baptist Convention ku America, amene ankathandiza mishoniyo, monga umboni wa zimene anthu akuda akumanga ndi manja awo pansi pa mtsogoleri wawo. Palibe chimene chinangochitika mwangozi pa zithunzizo. Batani la jekete lililonse linali ndi chonena.

Pali chithunzi china cha 1914, chaka chimene chinatsogolera kuukira kuja. Chilembwe waima pa tchalitchi chake chatsopano limodzi ndi mmishonale wachizungu, John Chorley, ndipo chipewa chili kumutu. Kwa ife lero palibe chodabwitsa. Koma masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu, ndipo wokana ankatha kukalipiridwa kapena kumenyedwa kumene. Nkhani ya zipewayi inali yowawa moti inatuluka pakati pa madandaulo pa kafukufuku amene boma linachita kuukira kutatha. Ndiye Chilembwe anayang'ana kamera, mzungu ali pambali pake, osavula.

Pa 23 January 1915 kuukira kunayamba. Pa 3 February Chilembwe anaphedwa, anaikidwa m'manda opanda chizindikiro, ndipo tchalitchi chija atsamunda anachiphulitsa. Zinatsala ndi zithunzi. Nkhope imene timaipinda m'matumba pa K500 ndi K2,000 tinaidziwira pa zithunzi zimene mwiniwake anazikonzekera. Ndipo mu 2022 Samson Kambalu, mmisiri wa kuno kwathu amene amakhala ku Britain, anatenga chithunzi cha 1914 chija n'kuchisandutsa chiboliboli chotchedwa Antelope, chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square pakati pa London. Chilembwe anamukulitsa kuposa Chorley, chipewa chili pomwepo. Tangoganizani tsiku lija mu 1914 kukanakhala mnyamata ngati ine, wobisala pambali pa khola ndi kamera yosalira, n'kumujambula akupukuta thukuta chipewa chili m'manja. Mwina chikanakhala chithunzi chokongola kwambiri. Kambalu akanasema chiyani?

Mwambo wokonzekera chithunziwu ine ndinaupeza ukadalipo. Tili ana kunkabwera bambo wina wa kamera pa njinga, kawirikawiri Lamlungu kapena pa Khirisimasi. Mbiri ikangomveka kuti wafika, kunali kusamba kwa changu, kudzola mafuta mpaka chipumi kung'anima, kubwerekana nsapato. Wina ankanyamula wailesi, wina kuima pafupi ndi njinga ya eni ake. Filimu inali ya zithunzi 36, choncho munthu aliyense ankadinidwa kamodzi basi, ukaphethira, waphethira. Unkapereka theka la ndalama, n'kudikira milungu iwiri kapena itatu kuti filimu idzaze ndi kukatsukidwa m'tauni. Nthawi zina bamboyo ankabwera ndi nkhope yachisoni, kuti zithunzi zapsa. Tinkaseka kaimidwe ka makolo athu pa zithunzi zimenezi, manja ali m'mbali ngati asilikali. Lero ndikuona kuti ankachita zomwe anachita agogo aamuna ku Salisbury, zomwe anachita Chilembwe ku Mbombwe.

Sindikunena kuti chithunzi chosakonzekera n'choipa. Pakanapanda zithunzi zotere sitikanadziwa zambiri za mmene anthu ankagwirira ntchito, mmene misika inkaonekera, kapena nkhanza zimene ozichita sakanalola kuti zijambulidwe. Chithunzi cha mu situdiyo chimabisanso: jekete lobwereka lija silinena za malipiro a agogo aamuna. Ndipo ndikudziwa kuti zaka 50 zikubwerazi, mdzukulu wina angakonde kuona mmene mphale inkapetedwera. Koma ndikaika zithunzi zanga za mumsika wa Limbe pambali pa zithunzi za atsamunda zija, ndimasowa mtendere. Amayi a tomato aja sindidziwa dzina la ngakhale mmodzi. Ndikanaziika pa Facebook ndikanalemba chiyani pansi pake? Ntchito imene akugwira, basi.

Kamera yanga yakale inkandiulula. Kulira kwake kunkandikakamiza kupereka moni, kupempha, nthawi zina kukanidwa. Ndinkaona ngati ndi chilema chake. Yatsopanoyi yandichotsera chilema chimenecho, ndipo mlungu woyamba womwe ndinafika pakhomo pa agogo anga osapereka moni.

Loweruka lapitali ndinabwerera. Ndinawaimbira foni azakhali Lachinayi kuti awauze agogo zoti ndikubwera kudzawajambula. Ndinawapeza atasamba kale, atavala bulauzi yoyera ya Mvano, duku loyera atalimanga bwino, Baibulo lili pamwendo. Mpando anasankha okha, malo anasankha okha, pansi pa mtengo wa mango kumene kuwala sikunali kwabwino kwenikweni. Sindinatsutse. Ndinabwezeretsa kulira kwa kamera kuti azimva ndikadina, ndipo ndinadina katatu. Kabokosi kobiriwira kanagwira diso lawo bwinobwino, makwinya onse akuoneka, ulusi wa duku ukuwerengeka.

Anaziyang'ana zitatuzo mmodzimmodzi, n'kuloza chachiwiri.

"Ichi. Ukachitsukitse chachikulu, uchiike m'galasi. Tsiku langa likadzafika, chimenechi ndiye mudzaike pa bokosi."

Azakhali anati, "Amayi, musamayankhule choncho." Agogo sanawayankhe. Anatembenukira kwa ine.

"Zankhuku zija unafufuta?"

Ndinali ndisanafufute. Ndinakhala pa mkeka pambali pawo, ndipo tinazifufuta limodzi, chimodzichimodzi, zonse 40. Titafika pa chija chokongola chala changa chinaima pang'ono. Iwo anaona, koma sananene kanthu, anangodikira. Ndinadina.

Chachiwiri chija ndakachisiya kotsukitsa dzulo, ndipo akuti ndikatenge Lachisanu. Za mumsika wa Limbe zikadali mu kompyuta. Ndikuganiza zotsukitsa zingapo, ndipite nazo kwa amayi aja, ndikawafunse mayina awo ndi kumva ngati akuzifuna.