Magalimoto Akale ndi Chisanu m'Misewu ya New York

Chithunzi chakale ndi mboni yosalankhula, koma munthu amene wachiyang'ana modekha amamva zambiri. Mwa zithunzi zimene zimasungidwa ku Library of Congress mumzinda wa Washington muli zikwizikwi zimene zinajambulidwa m'misewu ya New York kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Zambiri mwa izo zinachokera ku kampani ya George Grantham Bain imene inkagulitsa zithunzi ku nyuzipepala. Zina zinajambulidwa m'nyengo yachisanu, ndipo izi ndizo zimaulula bwino mmene galimoto inavutikira isanakhale mwini msewu.

Ku New York chisanu chimafika pachimake kuyambira mu Disembala kufikira mu Malichi. Nthawi imeneyi kumagwa chipale chofewa, madzi oundana ooneka ngati ufa woyera, amene amaunjikana m'misewu ndi pamadenga. Mu Malichi 1888 kunagwa chipale choposa theka la mita pamodzi ndi mphepo yamkuntho. Sitima zoyenda pa njanji za m'mwamba zinaima, mawaya a telefoni anaduka, ndipo anthu pafupifupi 200 anafa mumzindamo. Zithunzi za masiku amenewo zimaonetsa ngolo zokwiririka ndi anthu akukumba njira pakhomo pa nyumba zawo. Galimoto mulibemo, pakuti mzinda wonse unkadalira akavalo.

Patapita zaka zisanu, pa 22 Febuluwale 1893, wojambula wina dzina lake Alfred Stieglitz anaima maola atatu m'chipale pa msewu wa Fifth Avenue kudikira nthawi yabwino yotola chithunzi. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene anajambula ndi ngolo yokokedwa ndi akavalo ikulimbana ndi mphepo, woyendetsa atakhala pamtunda popanda chomutchinga. M'chithunzi chake china, chotchedwa The Terminal, munthu akusamalira akavalo okoka ngolo za pa njanji, nthunzi ikufuka pamatupi pawo chifukwa cha kutopa ndi kuzizira. Umu ndimo msewu unalili galimoto ikufika.

Magalimoto oyambirira sanapangidwe moganizira chisanu. Ambiri anali apululu ngati ngolo zimene analowa m'malo mwake, ndipo denga lake linali lachinsalu chopinda. Ichi ndicho chifukwa chake m'zithunzi timaona oyendetsa atavala zikhoti zaubweya, magalasi otchinga maso, ndi mabulangete pamiyendo. Ena ankaika njerwa zootcha pansi pa mapazi. Kuliza injini inalinso ntchito yakalavulagaga. Munthu ankaima kutsogolo n'kumapukusa hendulo ndi dzanja, ndipo kukazizira mafuta a mu injini ankalimba. Nthawi zina hendulo inkabwerera mwamphamvu n'kuthyola mkono. Madzi oziziritsa injini nawo ankaundana usiku n'kung'amba zitsulo, choncho ambiri ankawakhetsa madzulo ndi kuthiramo otentha m'mawa. Eni magalimoto ambiri ankangowatsekera m'nyumba mpaka nyengo itasintha.

Mavuto amenewa ndi amene anabala nzeru zatsopano. Mayi wina wa ku Alabama, Mary Anderson, atapita ku New York m'nyengo yachisanu, anaona woyendetsa ngolo ya pa njanji akuvutika kuona kutsogolo chifukwa chipale chinkamata pagalasi. Mu 1903 boma linamupatsa chikalata cha umwini wa chipangizo chopukutira galasi, chimene chinkayendetsedwa ndi dzanja munthu ali m'kati. Mu 1904 Harry Weed analandira chikalata chotere pa matcheni okulunga kumatayala kuti asaterereke. Mu 1912 kampani ya Cadillac inayamba kugulitsa magalimoto olira ndi magetsi, nzeru ya Charles Kettering, ndipo pang'onopang'ono hendulo inayamba kutha ntchito. Wodziwa zaka zimenezi angathe kuyerekeza msinkhu wa chithunzi pongoyang'ana matayala, galasi ndi denga la galimoto.

Opanga magalimoto ankafunitsitsa kutsimikizira anthu kuti makina awo sangagonje ndi nyengo. Pa 12 Febuluwale 1908 magalimoto asanu ndi imodzi ananyamuka pa Times Square pa mpikisano wopita ku Paris, khamu la anthu likuonerera. Atangotuluka mumzinda anatitimira m'chipale, ndipo m'malo ambiri anakokedwa ndi akavalo a alimi. Galimoto ya ku America yotchedwa Thomas Flyer ndiyo inapambana itafika ku Paris mu Julayi. Chaka chomwecho Henry Ford anatulutsa galimoto ya Model T, imene poyamba inkagulidwa madola 850. Pofika mu 1925 mtengo wake wotsikitsitsa unali madola 260, ndipo pamene anasiya kuipanga mu 1927 anali atapanga pafupifupi 15 miliyoni. Pofika nthawi imeneyo magalimoto ambiri atsopano anali otsekeka, okhala ndi denga lolimba ndi mazenera agalasi.

Komabe, amene amayang'ana galimoto yokha m'zithunzizi amaphonya theka la nkhani. M'mbali mwa msewu mumaoneka mizere ya amuna onyamula mafosholo. Mu 1895 George Waring anakonzanso ntchito yosesa m'misewu ya New York ndipo anaveka antchito ake yunifomu yoyera. Chipale chikagwa chambiri, mzinda unkalembanso aganyu, ambiri mwa iwo osowa ntchito ndi obwera kuchokera ku mayiko ena monga Italy. Iwo ankakweza chipale m'ngolo za akavalo n'kukachitaya mumtsinje. Motero galimoto ya munthu wolemera inkayenda pa msewu umene mmphawi ndi kavalo anali atalambula. Mumaonekanso ana akutsetsereka pa timatabwa pakati pa msewu, anyamata ogulitsa nyuzipepala, ndi anthu akuoloka paliponse pamene afuna.

Ufulu woyenda chotero sunakhalitse. Kale mu Seputembala 1899 Henry Bliss anali atagundidwa ndi takisi yamagetsi potsika ngolo ya pa njanji, ndipo amadziwika kuti ndiye munthu woyamba kuphedwa ndi galimoto mu United States. Magalimoto atachuluka ngozi zinachulukanso, ndipo ambiri mwa ophedwa anali ana. Mu 1920 pa Fifth Avenue anaimikapo nsanja zokhala ndi magetsi olamulira magalimoto. Oyenda pansi anauzidwa kuoloka pamalo oikika okha, ndipo ana anachotsedwa pa msewu. Akavalo nawo anatha. Ngolo yomaliza ya pa njanji yokokedwa ndi akavalo inayenda mu 1917, ndipo ozimitsa moto anasiya kugwiritsa ntchito akavalo mu Disembala 1922. Anthu ambiri anali atazolowera kale sitima ya pansi pa nthaka imene inatsegulidwa mu 1904, imene chipale sichinkaifikira.

Sitingakane kuti kusinthaku kunabweretsa zabwino. Ndowe za akavalo zinatha m'misewu, odwala anayamba kufika msanga kuchipatala, ndipo woyendetsa sanafunikenso kuuma ndi chisanu pampando. Koma msewu umene unali bwalo la aliyense, msika ndi malo osewerera, unasanduka njira ya makina, ndipo zonsezi zinachitika m'zaka zosapitirira makumi atatu. Wophunzira mbiri akagwira chithunzi chotere ayenera kudzifunsa mafunso atatu: ndani wakwera, ndani akuyenda pansi, ndipo ndani wagwira fosholo? Mayankho ake amamuuza amene anapindula ndi galimoto poyamba, ndiponso amene anakhetsa thukuta m'chisanu kuti galimotoyo idutse.