Mbiri ya Nkhalango ya Pakati pa Mzinda wa Lilongwe

Pamene boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linkasamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba, ntchito imene inafika pachimake mu 1975, akatswiri amene anajambula mapulani a mzinda watsopano anasiya dala nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa tauni yakale ndi City Centre, kuti isadulidwe mapuloti. Malowa, amene kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 180, anakhala Lilongwe Nature Sanctuary, nkhalango yotetezedwa kumene kusaka, kutchera misampha ndi kugwetsa mitengo n'koletsedwa, ndipo anaikidwa m'manja mwa nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire.

Kwa zaka zambiri chimene chinkakoka anthu kumeneko chinali zoo, ndiye kuti malo osungira nyama m'makola a waya kuti anthu azidzaziona. Ndalama zosamalira malowa zitayamba kuchepa, makolawo anaonongeka ndipo nyama zinkakhala mopanikizika, motero mwana wasukulu amene ankabwera kudzaphunzira za chilengedwe ankaona chilombo chozunzika chikungozungulira pamalo amodzi, chithunzi chimene sichikanamuphunzitsa ulemu uliwonse kwa nyama.

Zinthu zinasintha mu 2007, pamene m'nkhalangomu munatsegulidwa Lilongwe Wildlife Centre mothandizidwa ndi bungwe la ku Britain la Born Free Foundation. Cholinga chinasiya kukhala kuonetsa nyama, n'kukhala kuzipulumutsa, kuzichiza ndi kuzibwezera kutchire ngati zingathe kudzidalira. Ana a anyani ndi apusi olandidwa kwa anthu owagulitsa m'mbali mwa misewu amayamba asungidwa paokha kuti ayezedwe matenda, kenako amaphatikizidwa pang'onopang'ono mpaka atapanga gulu logwirizana, chifukwa nyani wotulutsidwa yekha sakhalitsa m'tchire, ndipo magulu otere akhala akumasulidwa ku Kasungu National Park. Nyama zimene sizikanabwereranso kutchire, monga mkango waukazi wa diso limodzi wotchedwa Bella umene unachokera ku Romania mu 2009, zinapatsidwa mipanda yotakasuka ya mitengo ndi udzu. Lamulo loteteza nyama litakhwimitsidwa mu 2017, ngaka zolandidwa kwa ozembetsa zinayambanso kufunika chisamaliro cha madokotala a pamalowa.

Phindu lalikulu la nkhalangoyi, komabe, lili pa ana a m'tauni, amene ambiri mwa iwo alibe mwayi wofika ku Liwonde kapena ku Nyika, koma pano amayenda m'tinjira ta pansi pa mikuyu ndi mithethe, n'kuona mapazi a gwape ndi mbawala komanso kumva kuti m'Lingadzi mukadali ng'ona. Kugwetsedwa kwa mitengo yambiri pokulitsa msewu wa Kenyatta mu 2021, kumene kunadandaulitsa anthu ochuluka, kunaonetsa kuti mzinda ukupitiriza kupanikiza malowa. Khonsolo ya mzinda ndi boma ayenera kuteteza malire ake mosanyengerera, pakuti Lilongwe alibenso malo ena pakati pake pamene nkhalango yotere ingamerenso.