Kutsimikizira

Kutsimikizira ndi kuonetsa kuti chinthu nchoona, osati kungochinena pakamwa. Pabwalo la mfumu, mboni ndiyo imatsimikizira mwini munda umene anthu akukanganirana. Pa intaneti mawuwa apeza ntchito ina. Mukaiwala mawu achinsinsi a imelo yanu ya Gmail, Google imatha kutumiza uthenga wa manambala 6 ku foni imene munalembetsa, ndipo mukawalemba molondola mwatsimikizira kuti akauntiyo ndi yanu. Apa mboni ndi foniyo. Nchifukwa chake zimandidetsa nkhawa anthu akasintha nambala ya foni osaisinthanso mu akaunti, pakuti tsiku loiwala likafika, uthengawo umagwera pa nambala yakale ija. Manambala otumizidwawo musauze munthu aliyense, ngakhale wodzitcha wantchito wa Google.