Alendo Obwera ndi Miyala Yamoyo

Miyala yamoyo imene oweta nsomba za m'nyanja yamchere amaika m'mathanki ndi zidutswa za makorali akufa, zimene zagona pansi pa nyanja zaka zambiri mpaka tizilombo takhazikika m'timibowo take. Mu 1961, Lee Chin Eng wa ku Jakarta analemba m'magazini ya Tropical Fish Hobbyist kuti miyala yotere imathandiza kuti madzi a m'thanki aziyera okha. Oweta a ku Berlin anadzaikonza bwino njirayi m'zaka za m'ma 1970, ndipo malonda ake anakula.

Mwala unkafika utakulungidwa m'nyuzipepala zonyowa, uli ndi alendo amene wogula sanawalipire. Panabadwa luso latsopano: kudikira kuti magetsi azime, n'kuunika ndi tochi kuti aone chatuluka n'chiyani. Nkhono ya Stomatella, ya kachigoba kaphwatalala kosakwana thupi lonse, imathamanga modabwitsa ndipo ikagwidwa imadula mbali ya phazi lake. Imeneyi ndi ya phindu, imadya ndere. Chiton imadziwika ndi zigoba 8 zosanjikizana pamsana. Nkhono ya vermetid imamata chigoba chake chonga kapaipi pamwala, n'kumaponya ulusi wa mamina wogwirira chakudya, ndipo ulusiwo umavutitsa makorali oyandikira. Zoopsa kwenikweni ndi zazing'ono: tinkhono toyera ta pyramidellid, tochepera njere ya mpunga, timayamwa nkhono zikuluzikulu za Tridacna mpaka kuzifooketsa. Woweta wanzeru amayamba waonetsetsa asanatole kanthu, chifukwa alendo ambiri savulaza chilichonse.

Mtundu wa alendo unkasintha potengera kumene mwala wachokera. Wa ku Florida unkabwera kawirikawiri ndi Arca zebra, nkhono ya zigoba ziwiri yomwe imaoneka ngati mwala womwewo mpaka itadzidzimuka n'kutseka. Koma kugumula matanthwe pofuna miyalayi kunawononga nyanja. Florida inaletsa kutola miyalayi m'madzi ake mu 1989, ndipo pofika 1997 chiletso chinafika m'madzi apafupi a boma lalikulu la America. Msika unasamukira ku Fiji, nakonso analetsa kutumiza miyalayi kunja kumapeto kwa 2017.

Lero ena ku Florida amatenga miyala ya laimu yokumba pamtunda, n'kuimiza m'nyanja pamalo obwereka ku boma kuti zamoyo zikhazikikemo, ndipo imabwerabe ndi nkhono zake. Oweta ambiri amangogula miyala youma, yopanda mlendo aliyense, ndiye alendowo amalowera pa tizidutswa ta makorali togula kwa anzawo.