Dandaulo la Silvianus

Ntchito yanga m'boma ndi yosunga mafayilo a madandaulo. Mwina nchifukwa chake nkhani ya kachisi wa ku Lydney, pafupi ndi mtsinje wa Severn ku England, imandikhudza.

Kachisiyu adamangidwa m'nthawi ya ulamuliro wa Aroma, koma wopembedzedwamo adali Nodens, mulungu wa eni nthaka. M'zaka za 1928 ndi 1929, Mortimer Wheeler ndi mkazi wake Tessa adafukula malowa nafufuza maziko a kachisi, nyumba ya alendo ndi mosambira. Poona ndalama zachitsulo zimene adapeza, Wheeler adati kachisiyu adamangidwa chitadutsa chaka cha 364. Koma John Casey atakumbanso mu 1980 ndi 1981, zidaoneka kuti ngwakale kuposa pamenepo. Ngakhale fayilo ya katswiri imafunika kuitsegulanso.

Chimene sindiiwala ndi kachidutswa ka mtovu kamene kadatoledwa pamalopo Wheeler asanabadwe. Munthu wina, Silvianus, adalembapo kuti mphete yake yasowa. Adalonjeza Nodens theka la mtengo wake, napempha kuti Senicianus asaone moyo wabwino kufikira atabweza mpheteyo kukachisi. Dandauloli lili ndi zonse zimene timafuna kuofesi: wodandaula, womuganizira ndi katundu.

Mu 1785, ku Silchester kudapezeka mphete yagolide yolembedwa dzina la Senicianus. Akatswiri amatsutsanabe ngati ili yomweyo. Silvianus sadayankhidwe pamaso pathu, koma dandaulo lake tikuliwerengabe. Akulu adanena, mlandu suwola.