Abuluzi okhala m'mitengo ndi mitundu yao

Buluzi wosalala, wa mizere iwiri yoyera kuyambira kumutu mpaka kumcira, amene amaothera dzuwa pa mitengo ndi pa zipupa ku Chalimbana m'boma la Chongwe, ndi wa m'gulu limene akatswiri amalicha Trachylepis. Dzinali, la m'Cigiriki, litanthauza mamba okhakhala, cifukwa mamba a pamsana pake ali ndi timizere totumphuka. Iye ndi wosiyana ndi gulo wa mutu wobiriwira ndiponso nalimata woyenda usiku.

Gululi lili ndi mitundu yoposa 80, ndipo yambiri ili mu Africa. Kale inali kuwerengedwa m'gulu la Mabuya, koma m'zaka za 2002 ndi 2003 akatswiri anaipatula.

Mtundu wofala mu Zambia ndi Trachylepis wahlbergii. Unachulidwa dzina la Johan August Wahlberg wa ku Sweden, wofufuza zacilengedwe amene anaphedwa ndi njobvu m'caka ca 1856. Mnzake wofanana naye ndi Trachylepis striata, wopezeka m'maiko monga Malawi, Mozambique ndi Tanzania. Mitundu iwiriyi siikira mazira, koma imabereka ana amoyo.

Ina imadalira mitengo kwambiri. Trachylepis planifrons amapezeka kum'mawa kwa Africa, Trachylepis binotata ali ku Namibia ndi Angola, pamene Trachylepis spilogaster amakhala m'mitengo yaminga ya m'cipululu ca Kalahari. Wotsirizayu amakonda mitengo yokhala ndi zisa zazikulu za mbalame zomanga pamodzi, ndipo amathawa akamva mbalamezo zikucenjezana za adani.

Abuluziwa amadya ciswe, ziwala, nchenche ndi tizilombo tina, motero amathandiza pakhomo ndi m'munda. Mdani akagwira mcira, umaduka n'kumaphiriphitha pansi, mwini wake n'kuthawa, ndipo pambuyo pake umameranso wina.

Ngakhale nthano ya makolo imanena kuti buluzi ndiye anapitirira bilimankhwe ndi kufikitsa uthenga wa imfa kwa anthu, abuluzi a gululi alibe ululu, ndipo palibe cifukwa cowaphera. Cimene cingawaopseze ndi kutha kwa mitengo. M'boma la Chongwe mitengo yambiri yadulidwa pootcha makala ogulitsa mu Lusaka. Mtengo waukulu ukagwa, makungwa ndi mphako zimene abuluzi amabisalamo zimapita nao limodzi.